R italephera kufika ku database: lipoti la seva yomwe inakwezedwa kuchoka pa Ubuntu 18.04 kupita pa 20.04

Seva yomwe lipotili likukamba ndi ya gulu lina la kafukufuku, ndipo anthu osanthula deta amaigwiritsa ntchito kudzera pa RStudio Server, pulogalamu yomwe imawatsegulira R (chilankhulo cha pakompyuta chosanthulira ziwerengero) pa msakatuli. Deta yeniyeniyo sikhala pamakinawa. Ili m'ma database atatu: MySQL 5.7 yosunga mayankho a kafukufuku, SQL Server ya zachuma, ndi Oracle ya bungwe lina lomwe gululi limagwira nalo ntchito. R imafika ku MySQL kudzera mu phukusi la RMySQL, ku SQL Server kudzera mu odbc, ndipo ku Oracle kudzera mu ROracle.

Sevayi inakwezedwa ndi lamulo la `do-release-upgrade` chifukwa nthawi yomwe Canonical, kampani yopanga Ubuntu, inkakonza Ubuntu 18.04 kwaulere inali pafupi kutha, ndipo inathadi pa 31 May 2023. R inaikidwanso kuchokera ku nkhokwe ya CRAN (komwe R ndi maphukusi ake zimatengedwa) ya 20.04 koma inakhalabe pa 4.2. Apa ndi pomwe panagona nkhani. R imasunga maphukusi a munthu aliyense mu foda yotchedwa ndi manambala awiri oyamba, monga `~/R/x86_64-pc-linux-gnu-library/4.2`. Ikanasuntha kupita pa 4.3, aliyense akanapeza foda yopanda kanthu n'kuikanso maphukusi ake mwatsopano. Popeza sinasunthe, maphukusi onse omangidwa pa 18.04 anatsala pamalo pake, akuoneka abwinobwino, ndipo RStudio inatseguka popanda dandaulo.

RMySQL ndi libmysqlclient.so.20

Uthenga woyamba unatuluka pa `library(RMySQL)`:

```
Error: package or namespace load failed for 'RMySQL' in dyn.load(file, DLLpath = DLLpath, ...):
 unable to load shared object '.../4.2/RMySQL/libs/RMySQL.so':
  libmysqlclient.so.20: cannot open shared object file: No such file or directory
```

Anthu ambiri amawerenga mzere wachiwiri n'kuima pamenepo, poganiza kuti `RMySQL.so` ndiyo yasowa. Fayiloyo inalipo. Mzere wofunika ndi wachitatu. RMySQL silankhula yokha ndi MySQL: mbali yake yolembedwa mu C imaitana laibulale ya pamakina, ndipo dzina la laibulaleyo, pamodzi ndi nambala yake, limalembedwa mkati mwa `RMySQL.so` pa nthawi yomanga, kutanthauza posandutsa malemba a C kukhala fayilo yomwe makina amayendetsa. R ikamatsegula phukusili, Linux ndiyo imawerenga dzinalo n'kukalifufuza m'mafoda a malaibulale. Likasowa, R imangobweza uthenga womwe yapatsidwa. Choncho malo ofufuzira ndi terminal, osati mkati mwa R.

```
R CMD ldd ~/R/x86_64-pc-linux-gnu-library/4.2/RMySQL/libs/RMySQL.so | grep "not found"
ldconfig -p | grep mysqlclient
```

Lamulo loyamba linaonetsa `libmysqlclient.so.20 => not found`. Lachiwiri linaonetsa `libmysqlclient.so.21` yokha. Kuika `R CMD` patsogolo pa `ldd`, lamulo lotchula malaibulale omwe fayilo imafuna, kumathandiza chifukwa lamulolo limayenda ndi njira zomwe R imagwiritsa ntchito, apo ayi pa makina ena `libR.so` imaoneka ngati yasowa pomwe ilipo.

Ubuntu 18.04 imabwera ndi MySQL 5.7, yomwe laibulale yake ndi nambala 20. Ubuntu 20.04 imabwera ndi MySQL 8.0, nambala 21. Kumapeto kwa kukweza, makina amafunsa ngati achotse maphukusi akale omwe palibe chowafuna, ndipo `libmysqlclient20` inali pamndandanda umenewo. Sikuti apt, pulogalamu yoika ndi kuchotsa maphukusi a Ubuntu, inalakwitsa. Iyo imadziwa zokhazo zomwe inaika yokha, ndipo za mafayilo omwe `install.packages()` inamanga m'mafoda a anthu sidziwa kanthu. Umboni wa kuchotsedwaku umapezeka mu `/var/log/dpkg.log` ndi mu foda ya `/var/log/dist-upgrade/`.

Njira yachidule yomwe imabwera msanga m'mutu, ndipo inayesedwadi pasevapa, ndi kupanga dzina lonamizira:

```
sudo ln -s libmysqlclient.so.21 /usr/lib/x86_64-linux-gnu/libmysqlclient.so.20
```

Uthenga unangosintha, n'kunena kuti `version 'libmysqlclient_20.0' not found`. Ntchito iliyonse ya mkati mwa laibulaleyi ili ndi chidindo cha nambala yake, ndipo RMySQL yakale imafuna za chidindo cha 20.0, zomwe mu 21 mulibe. Kuli ngati kukhoma chikwangwani cha sitolo yakale pa sitolo yatsopano: wogula alowa ndithu, koma katundu yemwe wabwerera sampeza. Kukanaku n'kwabwino. Nambalayi imasinthidwa pamene kalembedwe ka mkati kasintha, ndipo mu MySQL 8.0 ngakhale mtundu wa `my_bool` unachotsedwa. Ndi laibulale ina yopanda zidindo zoterezi, chinyengochi chimatheka, phukusi limatseguka, kenako R imangofa pakati pa ntchito kapena imawerenga molakwika osanena. Pa ntchito ya ziwerengero, kuwerenga molakwika mwakachetechete n'koipa kuposa kukana kutseguka. Dzina lonamiziralo linachotsedwa nthawi yomweyo, chifukwa likatsala limasokoneza `ldd`, n'kumaonetsa ngati laibulale ya nambala 20 yapezeka.

Mankhwala enieni ndi kumanganso phukusi kuti ligwirane ndi laibulale yomwe ilipo. Koma pano panachitika zinthu ziwiri zomwe zinatalikitsa ntchito.

Choyamba, `install.packages("RMySQL")` inayenda bwino, m'kanthawi kochepa kwambiri, koma uthenga uja unabwereranso chimodzimodzi. Kufulumirako ndiko kunali chizindikiro. Pa zomwe R inalemba panali mzere uwu:

```
* installing *binary* package 'RMySQL' ...
```

Pomanga penipeni pamalembedwa `*source*`, ndipo pamatsatira mizere ya `gcc`. Lamulo la `getOption("repos")` linaulula kuti mu `/etc/R/Rprofile.site` munali adiresi ya Posit Package Manager yothera ndi `__linux__/bionic/latest`. Dzina lakuti bionic ndi la 18.04. Nkhokwe imeneyi imapereka maphukusi omangidwa kale malinga ndi dzina lomwe lili mu adiresi, siifunsa kuti makina anu ali pa Ubuntu uti. Ndiye nthawi iliyonse munthu akaikanso, amalandira `RMySQL.so` yofuna nambala 20 yomweyo. Kuwonjezera `type = "source"` sikusintha kanthu, chifukwa pa Linux R imapempha motero kale, ndipo nkhokweyo imapereka zomangidwa kale kudzera pakhomo lomwelo. Mawu oti `bionic` anasinthidwa kukhala `focal`, dzina la 20.04. Pofuna kumanga pasevapo kuti pasakhale chikaiko, malamulo ndi awa:

```
sudo apt install r-base-dev libmysqlclient-dev
sudo Rscript -e 'install.packages("RMySQL", repos = "https://cloud.r-project.org")'
```

Phukusi la `-dev` ndilo limabweretsa `mysql.h` ndi `mysql_config`. Popanda ilo kumanga kumaima koyambirira ndi uthenga wonena kuti libmysqlclient sinapezeke, ngakhale `libmysqlclient.so.21` ili pomwepo. RMySQL imathanso kumangidwa ndi `libmariadb-dev`, koma maphukusi a MariaDB ndi a MySQL ena amakanana, choncho apt ikaonetsa mndandanda wa zomwe ichotse, uwerengedwe kaye musanavomere. Kumanga kukadukira panjira, kumasiya foda ya `00LOCK-RMySQL` mu foda ya maphukusi a R, ndipo iyenera kufufutidwa musanayesenso.

Chachiwiri, phukusi litamangidwa mu `/usr/local/lib/R/site-library`, linagwira kwa woyang'anira seva ndi kwa anthu ena, koma kwa ena ayi. Chifukwa chake chili mu `.libPaths()`. R imayang'ana mu foda ya mwiniwake poyamba, ya onse pambuyo. Aliyense amene anaikapo RMySQL yake kale amatsegulabe yakaleyo. Kufunsa `find.package("RMySQL")` mu R ya munthuyo kumaonetsa kuti ndi iti ikutsegulidwa. Kwa oterewa, `remove.packages("RMySQL")` imachotsa ya mu foda yawo, n'kusiya ya onse. Kenako R iyambitsidwenso, mu RStudio ndi Session kenako Restart R, chifukwa kuyesa mu R yomwe yakhala ikuyenda kumasakaniza zakale ndi zatsopano.

Lamulo la `update.packages(checkBuilt = TRUE)` silithandiza pa vuto ili. Limangoyerekeza nambala ya R yomwe inamanga phukusi ndi ya R yomwe ikuyenda. Zonse zinali 4.2, ndiye linaona ngati palibe chokonza. Chomwe chinathandiza ndi kufunsa Linux za fayilo iliyonse:

```
find /home/*/R /usr/local/lib/R/site-library -name "*.so" | while read f; do
  ldd "$f" 2>/dev/null | grep "not found" | sed "s|^|$f |"
done
```

Mndandanda wake unaonetsa kuti RMySQL sinali yokha. Phukusi la stringi linkafuna `libicui18n.so.60` pomwe 20.04 ili ndi 66, ndipo sf inkafuna `libgdal.so.20` pomwe ilipo ndi 26. Onsewa anamangidwanso tsiku lomwelo, anthu asanawapunthwe mmodzimmodzi.

RMySQL itatseguka, `dbConnect()` inakana ndi uthenga wina: `SSL connection error`, wothera ndi `unsupported protocol`. Ili si vuto la kutsegula laibulale, ndipo kumanganso phukusi sikungalithetse. Ubuntu 20.04 imakana TLS (njira yobisira uthenga pakati pa makina) yotsika kuposa 1.2, pomwe MySQL Community ya 5.7 yakale, isanafike 5.7.28, inkamangidwa ndi laibulale ya yaSSL yomwe imathera pa TLS 1.1. Linakonzedwa pokweza MySQL ya kuseva inayo kufika pa 5.7 yaposachedwa, osati pofooketsa OpenSSL, laibulale ya TLS ya makina onse.

Panabweranso ganizo losamukira ku RMariaDB, yomwe ndi yatsopano ndipo ndiyo ikulimbikitsidwa m'malo mwa RMySQL. Ganizolo ndi labwino koma osati tsiku lokonza. RMariaDB imabweza manambala aakulu a mtundu wa BIGINT ngati `integer64`, ndipo masiku imawabweza ngati `Date`, pomwe RMySQL imabweza masikuwo ngati malemba. Ma script akale omwe amadula tsiku ndi `substr()` kapena kulumikiza matebulo pa nambala yaitali amatha kupereka zotsatira zina osadandaula. Kusamukako kunaikidwa ngati ntchito yapadera yokhala ndi mayeso akeake.

Fayilo yomwe ilipo koma akuti palibe

Phukusi la odbc linatseguka bwinobwino, chifukwa `libodbc.so.2` yomwe limafuna ili mu Ubuntu zonse ziwiri. Vuto linaonekera polumikiza:

```
[unixODBC][Driver Manager]Can't open lib
'/opt/microsoft/msodbcsql/lib64/libmsodbcsql-13.1.so.9.2' : file not found
```

Lamulo la `ls -l` linaonetsa fayiloyo ili pamalo pake, chilolezo chowerenga chilipo. Uthengawu ndi wosocheretsa kuposa woyamba uja. Pa ODBC pali zigawo zitatu: phukusi la R, unixODBC yomwe imasankha driver, ndi driver yeniyeniyo ya Microsoft, yomwe imalankhula ndi SQL Server. unixODBC ikalephera kutsegula driver pa chifukwa chilichonse, imangonena kuti `file not found`, osatchula chomwe chasowa. Funso limapitanso kwa `ldd`, koma ulendo uno pa driver:

```
ldd /opt/microsoft/msodbcsql/lib64/libmsodbcsql-13.1.so.9.2 | grep "not found"
```

Zosowa zinali `libssl.so.1.0.0` ndi `libcrypto.so.1.0.0`. Ubuntu 18.04 inali nayo OpenSSL 1.0 pambali pa 1.1, koma 20.04 inaitaya. Driver 13 imeneyi inakoperedwa pamanja mu `/opt` kalekale, `dpkg -S` sinaizindikire n'komwe, ndiye apt inalibe chifukwa chosungira zomwe imadalira.

Pa intaneti pali malangizo ambiri otenga `libssl1.0.0` ya 18.04 n'kuikakamiza ndi `dpkg -i`. Zimagwira, koma sizinachitidwe pa zifukwa ziwiri. OpenSSL 1.0.2 inasiya kukonzedwa kwaulere pa 31 December 2019, ndipo iyi ndi njira yomwe deta ya zachuma imadutsa. Komanso mu R imodzi mumakhala maphukusi monga curl omwe amatsegula OpenSSL 1.1, ndipo mitundu iwiri ya laibulale imodzi ikakumana mu pulogalamu imodzi imatha kuigwetsa m'njira yovuta kutsata. M'malo mwake inawonjezeredwa nkhokwe ya Microsoft ya 20.04, n'kuika driver yatsopano:

```
sudo ACCEPT_EULA=Y apt install msodbcsql17
odbcinst -j
odbcinst -q -d
```

Lamulo la `odbcinst -j` limaonetsa mafayilo omwe unixODBC ikuwerenga: `/etc/odbcinst.ini` ya ma driver, `/etc/odbc.ini` ya onse, ndi `~/.odbc.ini` ya munthu payekha. Lotsatiralo limatchula maina a ma driver olembetsedwa. M'mafayilo a anthu angapo, mzere wa `Driver=` unali ndi njira yonse ya fayilo. Dzina la fayilo ya Microsoft limakhala ndi nambala ya mtundu, ndipo limasintha nthawi iliyonse apt ikabweretsa yatsopano, kotero njira yolembedwa pamanja imafa pa kukonza kotsatira. Zonse zinasinthidwa kukhala dzina lolembetsedwa, `Driver=ODBC Driver 17 for SQL Server`, lomwe liyenera kufanana chilembo ndi chilembo ndi lomwe lili m'mabulaketi mu `odbcinst.ini`. Kuyesa kunayamba ndi `isql -v` pa terminal, R isanakhudzidwe: `isql` ikakana, vuto silili mu R.

Inasankhidwa 17 osati 18 mwadala. Driver 18, yomwe inatuluka mu 2022, imabisa uthenga wonse popanda kuuzidwa ndipo imakana seva yomwe satifiketi yake inadzisainira yokha, monga zinalili pa SQL Server ya gululi. Ambiri amathawira ku `TrustServerCertificate=yes`, koma chofunika ndi kupatsa sevayo satifiketi yoyenera, ndipo imeneyo inali ntchito ya oyang'anira database.

ROracle: terminal ikugwira, RStudio ikukana

Oracle Instant Client 19, malaibulale omwe ROracle imagwiritsa ntchito polankhula ndi Oracle, inaikidwa pomasula zip mu `/opt/oracle/instantclient_19_8`, ndiye nayonso apt sinkaidziwa. Laibulale yake yaikulu, `libclntsh.so.19.1`, imadalira `libaio.so.1`, yomwe inachoka ndi `apt autoremove` pamodzi ndi pulogalamu ina yomwe inaibweretsa. Kuika `libaio1` kunathetsa zimenezo, ndipo ROracle sinafunike kumangidwanso, popeza Instant Client sinasinthe.

Chinatsala ndi chakuti `library(ROracle)` inkagwira pa terminal koma mu RStudio inkati `libclntsh.so.19.1: cannot open shared object file`. Vutoli silinabwere ndi kukweza. Linalipo kale, kungoti ntchito ya Oracle inkayendetsedwa ndi munthu mmodzi pa terminal yake. Mu `~/.bashrc` yake munali `export LD_LIBRARY_PATH=/opt/oracle/instantclient_19_8`. Fayilo imeneyi imawerengedwa munthu akatsegula terminal. RStudio Server yaulere imayambitsa R popanda kuiwerenga, ndipo cron, yomwe imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika, siiwerenganso.

Kulemba `Sys.setenv(LD_LIBRARY_PATH = ...)` pamwamba pa script sikugwira. Linux imawerenga `LD_LIBRARY_PATH` kamodzi, pulogalamu ikamayamba, ndipo pomwe mzere woyamba wa script ukuyenda nthawiyo yadutsa kale. Choipa n'chakuti `Sys.getenv()` imaonetsa njira yolondola, munthu n'kumakhulupirira kuti wakonza. RStudio Server ili ndi mzere wa `rsession-ld-library-path` mu `/etc/rstudio/rserver.conf` womwe ukanathandiza, koma ukanasiya cron panja. Njira yofikira onse ndi kulembetsa fodayo ku Linux:

```
echo /opt/oracle/instantclient_19_8 | sudo tee /etc/ld.so.conf.d/oracle-instantclient.conf
sudo ldconfig
ldconfig -p | grep clntsh
```

Kuiwala `ldconfig` kumasiya zonse momwe zinalili, chifukwa Linux imayang'ana mu `/etc/ld.so.cache`, osati m'mafayilo a `.conf` mwachindunji. Mzere wa mu `.bashrc` unachotsedwa kuti terminal isamabise vuto lomwe ena akuliona. Pomwe pali chikaiko cha komwe laibulale ikutengedwa, lamulo ili limaonetsa foda iliyonse yomwe yayesedwa, motsatana:

```
LD_DEBUG=libs Rscript -e 'library(ROracle)' 2>&1 | grep clntsh
```

Kutsimikiza, ndi za kukweza kotsatira

Database iliyonse inayesedwa pa akaunti ya wosanthula deta, osati ya woyang'anira, mu RStudio komanso ndi Rscript yoyendetsedwa ndi cron. Poyamba `library()`, kenako `dbConnect()`, kenako funso laling'ono monga `SELECT 1`, lomwe ku Oracle 19 ndi `SELECT 1 FROM dual`. Pomaliza inawerengedwa tebulo yodziwika yokhala ndi masiku, manambala aakulu ndi maina okhala ndi zilembo monga ŵ, n'kuyerekeza ndi zotsatira zomwe zinasungidwa seva isanakwezedwe. Gawo lomalizali lisamadumphidwe, chifukwa laibulale yatsopano imatha kubwera ndi kalembedwe kena ka zilembo, maina n'kusokonekera ngakhale kulumikiza kukuoneka kwabwino.

Laibulale zomwe mapulogalamu a mu `/opt` amadalira zinadindidwa ndi `sudo apt-mark manual libaio1` kuti `autoremove` isadzazitolenso. Ma driver a database tsopano akukhala mu `site-library` yokha, osati m'foda ya aliyense. Pa kukweza kotsatira, lamulo la `find` lija lidzayendetsedwa seva ikangodzuka, ndipo dzina la mu `Rprofile.site` lidzasinthidwa anthu asanalowe. Popita pa 22.04, `libmysqlclient.so.21` imakhalabe, koma `libssl.so.1.1` imalowedwa m'malo ndi `libssl.so.3` ndipo ICU, laibulale yomwe stringi imadalira, imachoka pa 66 kupita pa 70, kotero maphukusi monga openssl ndi stringi adzafunika kumangidwanso. Pa 24.04 phukusi la `libaio1` linasinthidwa dzina kukhala `libaio1t64`, ndipo fayilo yake ndi `libaio.so.1t64`, pomwe Instant Client 19 imafunabe `libaio.so.1`. Pamenepo pokha, pa makina a x86_64, dzina lolozera ku fayilo yatsopanoyo ndi lomwe limagwiritsidwa ntchito, chifukwa kusintha kwa dzinako kunabwera ndi nkhani ya kawerengedwe ka nthawi pa makina a 32-bit, ndipo pa 64-bit za mkati mwa laibulaleyo sizinasinthe.